Dazi la pa Sopo

Lolemba, 3 Febuluwale

Sopo wa Lachisanu wauma bwino. Kudula, kukulunga, kumata mapepala mpaka masana. Zala kuwawa ndi soda wophikira sopo. Mafuta akweranso mtengo, wogulitsa wake kumandisekerera ngati akundichitira chifundo.

Koma chandilembetsa lero si chimenecho.

Kumsika mayi wa pa benchi ya tomato wandikodola. Akuti sopo wanga wamusupula manja, thovu lake losaoneka n'komwe. Sopo wanga ine? Watulutsa m'chikwama. Pepala lachikasu ngati langa. Dazi lomwelo likuwala, ndevu za pamlomo zomwezo, makutu oima aja, kumwetulira komweko. Nkhope ya amuna anga, imene yakhala pa sopo wanga chiyambire ntchito imeneyi. Kungoti pansi pake, m'malo mwa "Sopo wa Dazi", palembedwa "Sopo wa Dazi Weniweni".

Weniweni. Ndiye wangawu ndi wamasewera?

Ndanunkhiza. Mafuta okazingira kale nsomba.

Sindinavutike n'kufunsa kuti wapanga ndani. Ndi akazi a alamu anga, amene timangowatchula a Wigi poti amasintha mawigi ngati zovala. Amuna anga ndi alamuwo ndi mapasa, ofanana mochititsa ulesi. Ngakhale dazi linawayamba mwezi umodzi onse awiri. Chaka chatha a Wigi anadzakhala pano, ati kwawo akukonza denga. Tsiku ndi tsiku ali m'shedi mwanga, "asisi, bweretsani ndikutakasireni." Kutakasa kuja zotsatira zake ndi izi.

Makasitomala anga ambiri sawerenga pepala. Amangoti ndipatseni wa bambo wadazi uja. Bambo wadazi akakhala pawiri, ine ndi ana tidya chiyani?

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndinapita. Ndinavala diresi ya kutchalitchi kuti ndisatukwane.

A Wigi ali pakhonde, lero wigi yofiira yofika m'mapewa, akupenta zikhadabo. Mgolo wanga wakale, umene anabwereka kuti azitungira madzi, uli poteropo pamoto. Ndinayankhula bwinobwino, Mulungu ndi mboni. Iwo osadzuka n'komwe. Akuti, "Asisi, nkhopeyo ndi ya amuna anga. Ndinakwatiwa nayo, ndimadzuka nayo, ndilekerenji kugulitsa nayo sopo?"

Alamu nthawi yonseyo ali m'bafa. Madzi osamveka. Kutsokomola kokha.

Kunyumba Abambo, amuna angawo, akudya buledi mosatekeseka. Akuti ndizisiye, iwo ndi mng'ono wawo ndi a mimba imodzi. Ndawauza kuti mimbayo inali ya apongozi, sopoyu ndi wanga.

Chonsecho dazi la pa sopoli amalinyadira kuposa ine. Chiwachotsere ntchito yoyendetsa lole, ndilo linawadzutsa. Anali atangokhala pampando miyezi, wailesi pakhutu, osameta, osaseka. Nditawaika pa pepala anagula mafuta odzola a mutu okha. Tikamaperekera sopo pa njinga yamoto, ana amathamanga m'mbali mwa msewu kukuwa kuti "Sopo! Sopo!" ndipo iwo amakweza dzanja pang'onopang'ono ngati munthu wamkulu wobwera kudzatsegulira mlatho.

Loweruka, 8 Febuluwale

Tsiku lometa. Loweruka lililonse chikwatirane, iwo pa bokosi la sopo, ine kumbuyo ndi lezala, kuchotsa katsitsi kotsala m'mbali ndi kunkhongo. Amagona tulo ndikumeta. Makwinya awiri pakhosi, kachipsera kokhota ngati mbedza pamwamba pake. Ndikawauza zoseketsa sindifunika kuwaona kumaso, makutu amakwera okha.

Lero makutu sanakwere. Ndinkangonena za a Wigi.

Madzulo mayi wa golosale, amene amaoda sopo wambiri kwa ine, wandifunsa ngati chizindikiro changa ndinalembetsa kuboma. Ine kudabwa. Ana ndinalembetsa, njinga tinalembetsa, dazinso? Akuti eya, kuli ofesi yake yolembetsa zizindikiro za malonda. Ukalembetsa, lamulo limadziwa kuti n'chako, wina akachiika pa katundu wake umatha kumuletsa, ngakhale kumutengera kukhoti. Usanalembetse umangodalira pakamwa pako ndi mboni.

Pakamwa ndili napo. Koma a Wigi alinso napo.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ku ofesi. Masitepe ambirimbiri, mabenchi olimba, fani yongozungulira mutu osatulutsa mphepo. Abambo anaumirira kubwera, ati iwo ndiye umboni. Mutu anaudzoza moti mayi wina pamzere anayang'anirapo mpango wake.

Patsogolo pathu bambo wa madzi a m'mabotolo. Akufuna kulembetsa dzina loti "Madzi". Mayi wa pa windo, wa magalasi a chingwe, kumufotokozera kuti sizitheka, madzi ndi dzina la chinthucho, aliyense wogulitsa madzi ayenera kulitchula. Bamboyo akuti chabwino, lembani "Madzi Abwino". Zosathekanso. Anatuluka akung'ung'udza kuti boma lilibe chikondi.

Ndinaika sopo pa windo.

Mayi wa magalasi anayang'ana sopo, anayang'ana Abambo, anayang'ananso sopo. Akuti mawu oti "sopo" sangakhale anga ndekha, koma dazi ndi chizindikiro chabwino kwambiri, chifukwa dazi silichapa, silitulutsa thovu, silinena chilichonse za sopo. Abambo mpaka pano sakudziwa ngati anawayamikira kapena anawanyoza.

Zimene ndagwira, ndilembe ndisanaiwale. Choyamba amafufuza m'mabuku awo ngati wina analembetsa kale chofanana nacho. Kenako umapereka pempho, ndipo tsiku loperekalo ndi lofunika, wobwera pambuyo amakhala pambuyo. Amaliunika. Likadutsa amalilengeza mu gazeti ya boma kuti amene ali ndi dandaulo atsutse nthawi yake isanathe. Popanda wotsutsa, satifiketi. Pakapita zaka umakailipiranso, ukaiwala imafa. Ukangoisunga m'sutikesi osagulitsa sopo, angathenso kukulanda. Ndipo imagwira ntchito m'dziko muno mokha, kunja n'kulembetsa kwina.

Ndinawaonetsa wa a Wigi. Akuti kuwonjezera "Weniweni" sikupulumutsa munthu. Lamulo limafunsa ngati wogula wamba, wothamangira basi, mwana kumsana, angasokonezeke. Ndinati mayi, wogula ameneyo ndimamudziwa, amagulitsa tomato.

Ndinapempha kuti alembe dazili pa katundu yense wa padziko. Ayi, katundu ali m'magulu, umalembetsa gulu lako ndipo gulu lililonse lili ndi mtengo wake. Wina akaliika pa makasu, nkhani yake ndi ina. Abambo anafunsa za mapoto a ana a usiku. Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Chomaliza: poti nkhopeyo ndi ya munthu wamoyo, mwini wake alembe kalata yovomera. Abambo anasaina siginecha yodzaza theka la pepala. Potsika masitepe anandinong'oneza, "Mayi, ndiye kuti mutuwu tsopano ndi wa boma?"

Lachisanu, 14 Febuluwale

Kafukufuku watuluka. M'gulu la sopo muli mikango yosawerengeka, nyenyezi, dzuwa, maluwa, bakha mmodzi. Dazi palibe. Ndapereka pempho, adinda tsiku.

Ndalama yake ndi ya mafuta a mwezi uno. Sopo wa sabata yamawa ndiona pophika pake.

Lachinayi, 6 Malichi

Kuboma zii.

Sopo wa a Wigi wafika mpaka kumsika wa kutsidya kwa njanji. Amagulitsa motchipa, nanga mafuta ake si otola. Anthu akayabwa amabwera kwa ine. Lero gogo wina wandivulira mkono pakati pa msewu kundionetsa zidzolo. Ndamupatsa wanga waulere, ndamuphunzitsa kununkhiza asanagule.

Abambo ati tilembe "Weniweni Weniweni". Ndawayang'ana mpaka anakatenga madzi akumwa okha.

Aonanso ka R ka m'kabwalo pa botolo la mankhwala otsukira mbale, akufuna tikaike pa sopo. Mayi wa magalasi anachenjeza kale kuti kameneko n'ka amene satifiketi yatuluka, kukaika usanalembetse ndi mlandu. Ndiye akuti ikadzatuluka ndidzawalembe kamodzi pamutu ndi bolopeni, ajambulitse. Bambo wa ana akuluakulu ameneyu.

Lolemba, 5 Meyi

Tatuluka mu gazeti!

Tsamba la mkati, pakati pa kampani ya mathirakitala ndi mankhwala a udzudzu. Kachithunzi kakang'ono ngati sitampa, koma dazi likuoneka bwinobwino. Abambo agula magazeti awiri. Imodzi adula, aika mu felemu, apachika pabalaza pambali pa chithunzi chathu cha ukwati. Inayo ayenda nayo tsiku lonse atavala tayi. Kwa ometa, kwa okonza njinga, kwa anzawo akale a malole. Abwera mawu atasasa.

Akuti bwana amene anawachotsa ntchito uja sanatulukepo mu gazeti ya boma.

Ndawaphikira chiwindi. Tsopano kudikira kuti nthawi yotsutsa ithe. Ndani angatsutse dazi la mwini wake?

Lachitatu, 28 Meyi

A Wigi atsutsa.

Kalata yabwera dzulo, ya loya, Chingerezi chake chotalika ngati msewu. Mwana wanga wamkulu wandimasulira pafoni. Mfundo yake imodzi yokha: nkhope ya pa chizindikirocho ndi ya amuna awo, ndipo amuna awo sanavomere.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Loya wadya ndalama za wigi zingati pa bodza limeneli?

Ku ofesi akuti ndiyankhe molemba, ndibweretse umboni. Mapepala akale a sopo, malisiti a osindikiza, makasitomala onena kuti akhala akugula kwa ine kuyambira kale, ndi chithunzi chimene wojambula anatengerapo nkhopeyo. Zonse ndili nazo.

Ndadutsira kwa a Penti, amene anandijambulira pepala loyamba. Ali pa makwerero akulemba chikwangwani cha butchala, ng'ombe yake yooneka ngati galu wonenepa. Akukumbuka bwino. Akuti ndinabwera ndi chithunzi cha ukwati, ndinaloza ndi chala kuti jambulani awa, iwo n'kuika kamtanda ka pensulo m'mphepete pamwamba pa mutuwo kuti asasokoneze. Kamtandako kayenera kuti kalipobe kuseri kwa felemu.

Anandifunsa ngati sindimawasokoneza mapasawo. Ndinati a Penti, anthu a kutchalitchi amasokoneza, a kubanki amasokoneza, galu wa alamu amasokoneza. Ine ayi. Ngakhale mumdima.

Ndaitana apongozi kuti abwere Lamlungu adzakhale mboni. Mayi wobereka akanena, loya atseka pakamwa.

Lamlungu, 1 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Apongozi anafika titaweruka kutchalitchi. Tiyi, shuga wa sabata yonse m'kapu imodzi, buledi kudandaula kuti ndi wadzulo koma kumaliza. Maso awo ndi ofooka, sopo anamuyandikiza mpaka kukhudza mphuno. Ine ndili chilili ndi bolopeni kuti asaine. Abambo pampando wawo, tayi, mwendo pamwamba pa unzake.

Apongozi anayang'ana pang'ono chabe. "Uyu ndi wamng'ono."

Ndinati amayi, yang'anitsitsani. Akuti ayang'anitsitse chiyani, khutu lakumanzere lopindika pamwambali analipinda okha, ankalikoka mwanayo akaba shuga. Wamkuluyu ankamukoka lakumanja, poti ankakhala mbali inayo ya tebulo. Anapempha tiyi wina.

Ndinatsitsa chithunzi cha ukwati, ndinatsegula felemu. Ine pakati ndi velo. Mbali iyi mkwati, mbali iyo besitimani, alamu. Masuti ofanana, apongozi anagula sitolo imodzi kuti wina asadandaule. Duwa pachifuwa, dazi pamutu, onse awiri. Mmodzi nkhope yakugwa, thukuta, akuyang'ana pansi ngati wataya kiyi. Winayo akumwetulira mano onse panja.

Kamtanda ka pensulo kali pamwamba pa womwetulirayo.

Ndinaloza womwetulirayo. Ine, ndi chala changa ichi, pa chithunzi cha ukwati wanga womwe. Ndinangoganiza kuti munthu wosangalala chotere tsiku limenelo ndiye wakwatira ine.

Apongozi akungotakasa supuni m'kapu.

Abambo anatsitsa mwendo. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anati, "Ine tsiku limenelo nsapato zinkandithina." Anamasula tayi, anaipinda bwinobwino, anatuluka kukaona njinga. Njingayo inalibe vuto lililonse.

Apongozi pochoka anatenga sopo awiri. Akuti wa wamng'onoyu amachapa bwino.

Lolemba, 2 Juni

Felemu ya gazeti yachoka pakhoma. Patsala msomali.

Poperekera sopo avala chipewa. Chikwatirane sindinawaonepo ndi chipewa, sindikudziwa n'komwe kumene achitenga. Ana akuwa "Sopo! Sopo!" Manja onse awiri ali pa handulo.

Ndayesa kupepesa. Akuti palibe chopepesa, ngakhale aphunzitsi ankawakwapula m'malo mwa mng'ono wawo, anazolowera. Bola akanakalipa.

Mtanda wa lero ndathira soda wambiri. Wonse wotaya.

Lachinayi, 5 Juni

Ku ofesi ndekha. Ndinafotokoza zonse motsitsa mawu, koma pa windo paja mawu amamveka mpaka kubenchi yakumbuyo. Bambo wa "Madzi" uja analiponso, tsopano akuyesa "Madzi Onyowa". Anaseka nawo, iyenso.

Mayi wa magalasi sanaseke, anangoluma mlomo. Akuti mlandu wanga sunafe. Ndine ndinayamba kugwiritsa ntchito chizindikirocho, anthu amachidziwa ngati changa, a Wigi anachita kukopera ndipo sanalembetse chilichonse. Koma kalata imene Abambo anasaina ija ilibe ntchito, avomera nkhope ya eni. Ikufunika ya mwini nkhope. Alamu akasaina, dandaulo la akazi awo latha mphamvu. Akakana, ndichotse pempholi, ndibwere ndi chizindikiro china, ndiyambirenso kumchira kwa mzere, kulipiranso, kudikiranso.

Alamu kusaina? Munthu amene amabisala m'bafa akazi awo akakweza mawu?

Mu basi ndinakhala kumbuyo kwa bambo wina wadazi. Ndinalira pang'ono. Kondakitala anaganiza kuti ndi za chenji.

Loweruka, 7 Juni

Ndinatulutsa bokosi ndi lezala m'mawa monga mwa masiku onse. Akuti ndisavutike, adzapita kwa ometa. Kwa ometa, kukalipira, katsitsi kosadzaza ndi supuni komwe.

Chakumasana ndili m'shedi, ndikumva psss, psss kuseri kwa mpanda. Alamu. Ambulera dzuwa likuswa mtengo, kuti anthu asawazindikire. Munthu amene nkhope yake ili m'bafa lililonse m'dera lino.

Akudzikanda. M'khosi, m'mikono, kumsana ndi chogwirira cha ambulera. Akuti chiyambire Febuluwale a Wigi amawakakamiza kusamba sopo wa kunyumba kwawo kuti anthu aone chitsanzo. Nyumba yonse fungo la nsomba, amphaka a m'dera lonse amagona pakhonde pawo. Apongozi awauza zonse. "Alamu, bweretsani pepalalo ndisaine, mwina moto wa mgolo uja uzima. Koma akunyumba asamve kuti ndinafika kuno."

Anasaina atatsamiza pepala pa chikombole. Ndinawapatsa sopo wanga atatu, anabisa m'malaya, anadutsa pampanda pomwe analowera.

Ndiye ndapambana. Kalata ili m'thumba la epuloni. Dazi ndi langa, makasitomala ndi anga, a Wigi akagulitse zikhadabo.

Potembenuka, Abambo ali pakhomo la shedi ndi chipewa chawo. Aona zonse. Anati, "Kaperekeni, mayi. Ana adye. Dazi ndi dazi."

Ananena mofatsa, n'kunyamula katoni kukamanga pa njinga. Katoni yonse nkhope za mng'ono wawo, zikumwetulira.

Chakudya chamadzulo sichinalowe.

Lachiwiri, 10 Juni

Ananditenga okha pa njinga kupita ku ofesi. Kalata ya alamu m'chikwama, chikwama pamiyendo.

Pa mlatho mphepo inaulutsa chipewa. Chinagubuduka mpaka m'ngalande, galu n'kuchitola. Iwo anafuna kuima, ndinati pitirirani.

Ndiye nkhongo ili apa, pamphuno panga. Katsitsi kamera, kwa ometa kuja sanapiteko. Makwinya awiri. Kachipsera kokhota. Zaka zonsezi ndakhala kumbuyo kwa mutu umenewu, pa njinga, pometa, pogona akatembenukira kukhoma. Nkhope ndinaphonya, inde. Koma apa mutandiikira madazi a dziko lonse pamzere, ndingaloze ndi maso otseka.

Pa windo ndinauza mayi wa magalasi kuti pempho lija ndikulichotsa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akuti mwini nkhope wakana? Ndinati wavomera, kalata ili m'chikwamamu, koma sindiipereka. Anandichenjeza bwinobwino. Dzina loti "Dazi" ndingalimenyerebe, poti ndinayamba nalo ndine. Koma nkhopeyo ndikaisiya, a Wigi angathe kudzaipempha okha, ndipo makasitomala osawerenga aja adzatsata nkhope.

Ndikudziwa. Ndinagona nazo maso usiku wa Loweruka ndi wa Lamlungu.

Ndinafunsa ngati munthu angalembetse nkhongo.

Magalasi anavulidwanso. Akuti chiyambire ntchito sanaonepo, koma palibe lamulo loletsa, bola isafanane ndi ya wina m'gulu la sopo ndipo mwini nkhongo avomere molemba. Anasuzumira pa benchi pamene Abambo anakhala atafumbata mutu ndi manja. Anafunsa, "Koma ulendo uno mwatsimikiza?" Mayi ameneyu ndimamukonda, koma tsiku lina ndidzamuponyera sopo.

Abambo sindinawauze pomwepo. Ndinawauza pa njinga pobwerera, kukuwira m'khutu lakumanja. Anaphonya kokhotera kwathu, tinazungulira kumsika.

Loweruka, 14 Juni

Mayi wa golosale wachepetsa oda. Akuti anthu ake amadziwa nkhope, za munthu wowafulatira sakuzidziwa, ayamba aona kaye. Wa tomato akuti agula ndithu, iye amanunkhiza. Mafuta a mwezi wamawa apitanso ku fomu yatsopano. Mapepala akale atsala mtolo wonse, ndasonkhezera moto wa mgolo. Kalata ya alamu inalowa limodzi, inayaka bwino.

A Wigi ndamva akuuza anthu kuti ndathawa mlandu. Wigi yatsopano, yagolide. Alamu akadali kudzikanda, ndawatumizira sopo ena awiri kudzera kwa apongozi, ngati afike.

M'mawa ndinatulutsa bokosi ndi lezala osafunsa. Anabwera okha n'kukhala. Kung'ung'udza pang'ono, ati anthu aziti ndi munthu wamwano wofulatira makasitomala, ati ana azikuwa chiyani tsopano, ati nkhongo si chinthu chotulutsa mu gazeti ya boma. Koma mafuta odzola anali atabwera nawo m'thumba.

A Penti afika ndi pensulo ndi bolodi. Awakhazika kuyang'ana khoma la shedi. Asanayambe anandiitana pambali, nkhope yaulemu kwambiri, akuti mayi, pepani, lozaninso ndi chala, ndipo munene chimene mukudziwira.

Ndinaika chala pa kachipsera. Ndinati aka ndinaika ndine. Tsiku loyamba kuphika sopo, tilibe kasitomala ndi mmodzi yemwe, ine ndikutakasa ndi mthiko waukulu uja, iwo atawerama kusonkhezera moto. Thovu litayamba kukwera ndinatembenuka mwachimwemwe kuti ndiwaonetse, mthiko n'kuwapeza. Magazi mpaka m'kolala. Iwo ali pansi, dzanja kunkhongo, funso lawo loyamba linali lakuti sopoyo wagwira?

A Penti analemba kamtanda pa bolodi, anayamba kujambula.

Ine ndaima kumbuyo ndi buku ili. Nkhope sindikuiona, yayang'ana kukhoma. A Penti akalipa kachitatu tsopano kuti bambo, musagwedezeke, makutuwo ndajambula kale pansi, mukuwakwezeranji.

Akukwerabe.